Maganizo Athu pa Nkhani Yolosera Matenda Okhalitsa a Mapapo mwa Ana Obadwa Masiku Asanakwane Pogwiritsa Ntchito Zithunzi za M'chifuwa

Ife, bungwe la anamwino, azamba, madokotala a ana ndi akatswiri ojambula zithunzi za X-ray amene timatumikira m'mawodi a makanda m'zipatala za boma ndi za mishoni m'dziko muno, talemba chikalata chino titakhala pansi kangapo ndi kumva maganizo a mamembala athu a m'zigawo zonse. Malamulo oyendetsera bungwe lathu amatipatsa udindo wolankhulapo pa chilichonse chokhudza moyo wa khanda, makamaka lobadwa masiku asanakwane, kuyambira tsiku lobadwa kufikira pamene lichoka m'manja mwathu. Mawu athu akupita ku Unduna wa Zaumoyo, kwa oyang'anira zipatala, kwa aphunzitsi a m'sukulu za ntchito yachipatala, kwa ochita kafukufuku, kwa mabungwe otithandiza ndi zipangizo, komanso kwa makolo, eni ake a ana amene tikukambawa.

Kwa zaka zingapo tsopano akatswiri a m'mayiko ena akhala akufalitsa zotsatira zoonetsa kuti chithunzi cha m'chifuwa cha khanda, chojambulidwa m'masabata oyamba, chingathandize kuloseratu ngati khandalo lidzakhale ndi matenda okhalitsa a mapapo. Kale chithunzicho chinkawerengedwa ndi diso la dokotala lokha. Lero chikuwerengedwanso ndi mapulogalamu a kompyuta ophunzitsidwa pa zithunzi zambirimbiri, ndipo amatulutsa nambala yonena kukula kwa chiopsezo. Mamembala athu ena aimva nkhaniyi ndi chimwemwe, ena ndi nkhawa, ndipo onsewo ali ndi zifukwa zomveka. Sitinafune kuthamangira kuyankha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana wolemera kilogalamu imodzi sangapirire kulakwitsa kwa anthu opupuluma.

Matendawa madokotala amawatchula kuti bronchopulmonary dysplasia, mwachidule BPD. Mapapo ali m'gulu la ziwalo zomalizira kukhwima m'mimba. Timatumba ting'onoting'ono tomwe mpweya umalowera m'magazi timayamba kupangika mokwanira cha m'sabata la 36 la pakati, ndipo timapitiriza kuchuluka mwana atabadwa kale. Wobadwa pa masabata 28 amafika kunja kuno ntchitoyo ili pakatikati. Amakhalanso woperewera madzi achilengedwe otchedwa surfactant, amene amaletsa timatumbato kumatana mpweya ukatuluka. Kuti apulumuke timamupatsa okosijeni ndi kumuika pa makina othandiza kupuma. Chomvetsa chisoni n'chakuti zomupulumutsa zomwezo zimatha kuvulaza mapapo anthetewo: okosijeni akachuluka amawononga, mphamvu ya makina ikapyola imang'amba. Onjezanipo kutupa kochokera ku matenda a m'chiberekero kapena a m'magazi, ndi kuperewera kwa chakudya m'masiku oyamba, mapapo amaleka kukula monga anayenera. Mwana wotere amafunabe okosijeni anzake atachotsedwapo kalekale, amabanika akamayamwa, sakwera sikelo, ndipo chimfine chomwe chimangodutsa mwa ana ena iye chimamugoneka m'chipatala ndi chibayo. Ambiri amapeza bwino mapapo akamakula m'zaka zoyamba. Ena vuto la kupuma limawatsata mpaka ukulu.

Matendawa ndi X-ray zinayambira limodzi, ndipo ife sitikufuna kubisa zimenezo. Amene anawafotokoza koyamba, mu 1967, anali katswiri wowerenga zithunzi, William Northway wa ku yunivesite ya Stanford ku America, pamodzi ndi anzake Robert Rosan ndi David Porter. Anatsatira makanda 32 amene anali pa makina opumira ndi okosijeni wambiri, nagawa kusintha kwa zithunzi zawo m'magawo anayi, kuyambira mapapo otuwa a masiku oyamba kufikira mapapo ofufuma, odzaza zipsera ndi timabowo tonga thovu, mwezi utatha. Chithunzi chinali umboni waukulu pa nthawiyo.

Koma zinthu sizinaime pomwepo. Mu 1971 George Gregory ndi anzake anaonetsa kuti mpweya woperekedwa ndi mphamvu yochepa koma yosalekeza, njira yomwe lero timaitcha CPAP, umasunga mapapo otseguka. Mu 1972 Graham Liggins ndi Ross Howie ku New Zealand anatsimikiza kuti jakisoni wa steroid woperekedwa kwa mayi asanabereke amafulumizitsa kukhwima kwa mapapo a mwana. Mu 1980 Tetsuro Fujiwara ku Japan anathira surfactant m'mapapo a makanda ndipo anaona kupuma kwawo kukusintha. Ana aang'ono kwambiri anayamba kupulumuka, ndipo matendawo anasintha nkhope. M'mayiko olemera lero amagwira makamaka obadwa asanafike masabata 28, pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse, ndipo chithunzi cha ambiri a iwo sichionetsa zipsera za nthawi ya Northway ayi, chimangooneka ngati nkhungu. N'chifukwa chake kuyambira 1988 akatswiri anayamba kuweruza poona ngati mwana akufunabe okosijeni pofika sabata la 36 kuwerengera kuyambira pa chiyambi cha pakati, ndipo tanthauzo lomwe anagwirizana ku America mu 2001 silinadalire chithunzi konse. Gulu lina la akatswiri linachibwezeretsa mu 2018 ngati umboni wothandizira, koma mkangano wa tanthauzo lenileni la matendawa sunathe mpaka lero. Tikupempha aliyense wobweretsa pulogalamu yolosera kuti ayambe watiuza kuti ikulosera matenda a tanthauzo liti.

Ena angafunse kuti nkhani ya mawodi a ku America ndi ku Japan ikutikhudza bwanji ife. Ikutikhudza chifukwa cha chiwerengero, ndiponso chifukwa cha kupambana kwathu komwe. Lipoti la bungwe la World Health Organization ndi anzake la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa kubadwa kwa ana masiku asanakwane, ana 18 mwa 100 aliwonse. Lipoti la mu 2023 linatsitsa chiwerengerocho kufika pa 14.5, komabe tikadali m'gulu la mayiko otsogola pa vutoli. Mbali inayi, dziko lino lachita zazikulu. Chisamaliro cha kangaru, chofungatira khanda pachifuwa cha mayi, chinayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Makina a CPAP otchedwa Pumani, opangidwa mogwirizana ndi yunivesite ya Rice, anayesedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo zotsatira zomwe Dr. Kondwani Kawaza ndi anzake anafalitsa mu 2014 zinaonetsa kuti mwa makanda ovutika kupuma, opulumuka anakwera kuchoka pa 44 kufika pa 71 mwa 100. Malawi analinso mmodzi mwa mayiko asanu a kafukufuku wofalitsidwa mu 2021, amene anapeza kuti kuyamba kangaru mwana akangobadwa kumachepetsa imfa za olemera pakati pa kilogalamu 1 ndi 1.8 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ana amene zaka makumi awiri zapitazo tinkawataya tsiku lachiwiri, lero akufika sabata lachinayi. Walira mvula walira matope. Tinalira kuti anawa akhale moyo, ndipo sitidandaula; koma tsopano tiyenera kukonzekera mapapo amene apulumuka nawowo.

Nkhawa yathu yoyamba ili pa nthawi. Chithunzi cha tsiku loyamba kapena lachiwiri chimanena zambiri za kuperewera kwa surfactant, koma chimanena zochepa za mmene mapapo adzakhalire miyezi iwiri ikubwerayo. Chithunzi cha tsiku la 28 chimalankhula momveka, ndipo madokotala a ku Japan akhala akugwiritsa ntchito maonekedwe a thovu a nthawi imeneyi pogawa mitundu ya matendawa. Koma pofika tsiku limenelo namwino wa pawodi amakhala atadziwa kale, chifukwa mwana wakana kuchoka pa okosijeni, ndipo mpata wopewa kuvulala umakhala utachepa. Chithunzi chikakhala choyambirira chimanong'ona. Chikamveka bwino chimakhala chitachedwa. Phindu lenileni, ngati lilipo, lili pakati apo, cha m'sabata loyamba ndi lachiwiri, pomwenso zosokoneza zili zambiri. Nkhungu ya m'mapapo pa tsiku la 7 ingachokere ku chibayo, ingachokere ku madzi odzaza chifukwa cha mtsempha wa pafupi ndi mtima umene sunatsekeke mwana atabadwa, ingachokerenso ku chinthu chaching'ono monga kujambula mwana akutulutsa mpweya. Khanda sungaliuze kuti kokera mpweya ndipo ugwire. Likapendekeka pang'ono mbali imodzi imaoneka yoyera kuposa inzake. Akatswiri awiri odziwa ntchito amatha kuwerenga chithunzi chimodzi mosiyana, ndipo ojambula athu amazidziwa zimenezi kuposa wina aliyense.

Palinso funso lomwe tikuliona kuti silifunsidwa mokwanira. Kuyambira 2011 pali njira yowerengera chiopsezo yomwe bungwe la NICHD la ku America linakonza, yogwiritsa ntchito zinthu monga masabata a pakati, kulemera kwa mwana pobadwa, ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, mtundu wa thandizo la kupuma ndi kuchuluka kwa okosijeni amene akulandira tsiku limenelo. Mulibe chithunzi m'menemo. Zambiri mwa izi zili kale pa tchati chopachika pa bedi. Choncho sikokwanira kutiuza kuti chithunzi chimalosera bwino. Tiuzidwe chimene chikuonjezera pamwamba pa zomwe namwino walemba kale ndi cholembera chake.

Nkhawa yachiwiri ndi ya komwe mapulogalamuwa anaphunzirira. Pulogalamu imadziwa zokhazo zimene yaonetsedwa. Zithunzi zophunzitsira zambiri zachokera m'mawodi momwe mwana wa masabata 25 amalandira surfactant ola loyamba, amadyetsedwa kudzera m'mitsempha, ndipo amajambulidwa pabedi pake ndi makina amakono. Ana athu ndi ena. Opulumuka kuno nthawi zambiri ndi okulirapo, ambiri ndi opinimbira m'mimba chifukwa cha malungo, kuthamanga kwa magazi kapena kuperewera kwa chakudya kwa mayi, ambiri sanalandire surfactant, ndipo aang'onoang'ono kwambiri ambiri amatisiya asanafike sabata la 36 lomwe matendawa amaweruzidwirapo. Ngakhale sabata la 36 lenilenilo silidziwika bwino ngati mayi anayamba sikelo mochedwa ndipo sanapangidwe sikani pakati pasanafike masabata 24, monga mmene World Health Organization imalangizira. Tikuwerenga kuchokera pa tsiku loganizira.

Kuonjezera apo, zinaonetsedwa kale mu 2018, pa zithunzi za chibayo za anthu a m'zipatala za ku America, kuti pulogalamu ingathe kuphunzira kuzindikira chipatala chomwe chithunzi chachokera, kudzera m'zizindikiro za m'mphepete mwa chithunzi, m'malo mophunzira matenda enieniwo. Ikapita ku chipatala china imafooka. Pa makanda ngozi yake ndi yoonekeratu: pulogalamu ingangoona kachubu kopumira m'khosi n'kunena kuti chiopsezo n'chachikulu, osayang'ana n'komwe mapapo. M'mawodi athu ambiri mulibe ana a kachubu m'khosi. Kodi idzatiuza kuti onse ali bwino? Anthu ambiri m'dziko muno aona magalimoto oyendayenda ojambula m'chifuwa pofufuza TB, ndipo ena amva kuti kompyuta imawerenga zithunzizo nthawi yomweyo. Ndi ntchito yabwino. Koma tikumbutse kuti pamene World Health Organization inavomereza njira imeneyo mu 2021, inatero itaunika umboni wochokera m'mayiko angapo, ndipo inaika malire akuti ndi ya anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Ngati panafunika kusamala kotere pa chifuwa cha munthu wamkulu, kuli bwanji pa chifuwa chokwana m'chikhatho.

Nkhawa yachitatu mamembala athu anaikamba ndi mtima wowawa, ndipo ife tasankha kuilemba mofatsa. M'zipatala zambiri makina a X-ray sabwera kwa mwana. Mwana ndiye amapita kwa makina. Ndiye kuti kumuchotsa pa CPAP, kumukulunga m'nsalu, kuyenda naye m'makonde ndi silinda ya okosijeni ngati ilipo, kudikira pamzere, kumuvula, kumugoneka pa tebulo lozizira, kenaka kubwerera. Thupi la khanda liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Anamwino athu alandira ana obwerera ku ulendo wotere atazizira ndiponso akupuma movutika kuposa mmene anapitira. Aonanso makina oyenda nawo atakhala miyezi pakona chifukwa cha batire kapena kachitsulo kamodzi kosowa. Sitikuloza chala munthu. Tikungonena kuti chithunzi chili ndi mtengo umene sulembedwa pa risiti, ndipo wolipira ndi mwana. Mphamvu ya cheza cha X-ray pa chithunzi chimodzi cha khanda ndi yochepa kwambiri, ndipo makolo asaope chithunzi chomwe dokotala wachiona kuti n'chofunika. Koma cheza chimaunjikana, thupi la khanda ndi lanthete, ndipo moyo wonse uli kutsogolo kwake. Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti chithunzi chilichonse chikhale ndi chifukwa.

Nkhawa yachinayi ndiyo yaikulu koposa, ndipo ndi pamene pagona maganizo a bungwe lino. Kulosera kuli ndi phindu pokhapokha ngati pali chochita chosiyana pambuyo pake. Tiyerekeze kuti pulogalamu yanena zoona, mwana uyu ali pa chiopsezo chachikulu. Tichita chiyani chimene sitikanachita? M'mayiko olemera yankho lalikulu ndi mankhwala a steroid monga dexamethasone, operekedwa kwa mwana atabadwa. Amathandiza mapapo ndithu, koma mbiri yake ndi yowawa. M'zaka za m'ma 1990 ankaperekedwa mowolowa manja, kufikira zitadziwika kuti akaperekedwa m'sabata loyamba amachulukitsa kulumala kochokera mu ubongo, ndipo mu 2002 mabungwe a madokotala a ana a ku America ndi Canada analangiza kuti asamaperekedwe mwachisawawa. Pambuyo pake Lex Doyle wa ku Australia ndi anzake anaonetsa kuti phindu limaposa ngozi mwa ana okhawo amene chiopsezo chawo chili chachikulu zedi. Apa m'pamene kulosera kolondola kungathandize, ndipo apa pomwenso m'pamene kulosera kolakwika kungavulaze. Nambala yokwera molakwika ingachititse kuti mwana amene akanachira yekha alandire mankhwala omuika pa ngozi ya kulumala.

Zina zonse zoteteza mapapo sizifuna ulosi. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Barbara Schmidt, wofalitsidwa mu 2006 pa makanda 2,006, anapeza kuti mwa olandira caffeine, 36 mwa 100 ndiwo anafunabe okosijeni pa sabata la 36, pomwe mwa osalandira anali 47. Mankhwala amenewa ali m'malangizo a World Health Organization a mu 2022, komabe mamembala athu ambiri amawaona mwa apo ndi apo. Okosijeni ayenera kusakanizidwa ndi mpweya wamba ndi kuyezedwa kosalekeza kuti m'magazi akhale pakati pa 90 ndi 95 peresenti. Dziko lapansi linaphunzira zimenezi m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, pamene makanda zikwizikwi anachita khungu chifukwa cha okosijeni wosayezedwa. Pali mawodi lero momwe kachipangizo kamodzi koyezera kamazungulira mabedi ambiri usiku wonse. Jakisoni wa mayi asanabereke, CPAP yoyambika msanga, mkaka wa m'mawere, kusamba m'manja, kutentha kwa pachifuwa cha mayi: zonsezi n'zoyenera mwana aliyense wobadwa msanga, kaya chithunzi chake chikuoneka bwanji. Sitingavomereze kuti ndalama zogulira izi zipatutsidwire ku pulogalamu yotiuza dzina la matenda amene tikanawapewa.

Pali mantha ena amene tiyenera kuwatchula poyera ngakhale ndi osautsa. Pamene makina a CPAP ali ochepa ndipo ana owafuna ali ambiri, nambala yolosera ingasanduke chosankhira. Wina wotopa, pakati pa usiku, angayang'ane nambala ziwiri n'kupereka makina kwa mwana amene kompyuta yamukomera. Bungwe lino likukana zimenezo kotheratu. Nambalayo imanena za gulu la ana ofanana, sinena za mwana uyu. Ndipo BPD si chiweruzo cha imfa.

Maganizo athu tsono ndi awa. Sitikutsutsa kafukufukuyu, tikumulandira. Dziko lomwe lili ndi akatswiri owerenga zithunzi owerengeka lingapindule kwambiri ndi chida chothandiza dokotala wa pa chipatala cha boma kuona zimene akanaphonya. Tikukhulupirira kuti chithunzi chojambulidwa kale pa chifukwa chomveka, monga kufufuza chibayo, kuona ngati mpweya watulukira kunja kwa phapo, kapena kutsimikiza pomwe kachubu kafika, chingawerengedwenso kuti chitichenjeze za m'tsogolo, ndipo chenjezolo lingatithandize kudziwa mwana woyenera kumutumiza ku chipatala chachikulu, womuonjezera chakudya, ndi womuitana msanga akatuluka. Koma tikuima pa mfundo yakuti chithunzi ndi chenjezo chabe. Sichingalowe m'malo mwa diso la namwino, sichingalamule mankhwala pachokha, ndipo sichingachotsere mwana chithandizo.

Potero bungwe lino latsimikiza kuti mamembala ake sadzapempha kapena kujambula chithunzi cha khanda pa chifukwa cholosera chokha, kupatula mu kafukufuku wovomerezeka amene makolo afotokozeredwa m'chilankhulo chawo ndipo alola. Latsimikizanso kuti pulogalamu iliyonse yotere isagwiritsidwe ntchito posankha chithandizo isanayesedwe pa ana a kuno, pa makina a kuno, m'zipatala zazikulu ndi za m'maboma zomwe, ndipo zotsatira zake, zabwino ndi zoipa, zifalitsidwe poyera. Kuyesako kudutse m'makomiti oona za kafukufuku monga National Health Sciences Research Committee, ndipo akatswiri a m'dziko muno, kuphatikizapo a ku Kamuzu University of Health Sciences, akhale otsogolera, osati osonkhanitsa zithunzi chabe.

Pa zithunzi zomwezo tili ndi mawu kwa ife eni. Tikudziwa chizolowezi chojambula chithunzi cha X-ray ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp kuti mnzathu atithandize maganizo. Chapulumutsa ana, ndipo sitikuchinyoza. Koma dzina la mayi limakhala pakona pa chithunzicho, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la mu 2024. Tikulangiza mamembala kuti dzina libisidwe chithunzi chisanatumizidwe, ndipo pasakhale wopereka mulu wa zithunzi za makanda kwa kampani kapena munthu aliyense popanda chilolezo cholembedwa.

Ku Unduna wa Zaumoyo ndi kwa abwenzi otithandiza tikupempha, mwaulemu koma motsindika, kuti ndondomeko ya zogula itsatire ndondomeko ya zosowa. Caffeine apezeke mosadukiza m'wodi iliyonse ya makanda. Mwana aliyense wa pa okosijeni akhale ndi choyezera chake. Kumene kuli makina a X-ray oyenda nawo, akonzedwe ndipo amisiri apatsidwe zitsulo zosinthira. Kumene kulibe, agulidwe pamodzi ndi mgwirizano wa kukonza kwake, kuti mwana aleke kuyenda. Tikupempha bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 2011, kuti ligwire nafe ntchito yokonza miyezo ya cheza yoyenera makanda, ndiponso sukulu zophunzitsa ojambula, monga Malawi College of Health Sciences, kuti zikulitse maphunziro a kajambulidwe ka khanda, kagonekedwe kake ndi kachepetsedwe ka malo owalitsidwa. Tikupemphanso kuti sikani ya mapapo iganiziridwe mofatsa. Ilibe cheza, imachitikira pabedi, ingabwerezedwe tsiku ndi tsiku, ndipo kafukufuku wa ku Ulaya waonetsa kuti nayonso imathandiza kulosera matendawa. Nayo iyesedwe ndi muyezo womwewo umene taika pa X-ray.

Chinthu chimodzi tingachiyambe ife tokha popanda kudikira thandizo la kunja, ndipo tagwirizana kuchiyamba. Kaundula wa wodi iliyonse azilemba masiku amene mwana wakhala pa okosijeni ndi pa CPAP, ngati akufunabe thandizo pa tsiku la 28 ndi pa sabata la 36, komanso njira yomwe masabata a pakati anawerengedwera. Zomwezo zilembedwe m'buku la kuchipatala la mwana, kuti mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi ndi dokotala wa pa chipatala chaching'ono adziwe kuti uyu akabwera ndi chifuwa si woyembekezera pamzere. Popanda kaundula wotere palibe pulogalamu imene ingayesedwe kuno, chifukwa sipadzakhala choiyerekezera.

Kwa inu amayi ndi abambo, agogo ndi azakhali amene mumagona m'makonde a zipatala kudikira kamwana kanu: muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene mwana akukajambulidwira, ndi chimene chidzasinthe chithunzicho chikatuluka. Mukauzidwa kuti mapapo ake atenga nthawi kuti akhwime, si vuto la mayi, ndipo si chifukwa chotayira mtima. Mukatuluka naye pitirizani kangaru ndi kuyamwitsa, musaphonye katemera ndi masiku obwerera ku chipatala, mutalikitseni ku utsi wa nkhuni, wa mbaula ndi wa fodya, ndipo odwala chimfine adikire kaye kudzaona mwana ngakhale ali achibale apamtima. Mukaona nthiti zikulowa m'kati, kupuma kukuthamanga, milomo ikusintha mtundu kapena akukana bere, nyamukani nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Mamembala athu talangizana kuti mawu akuti matenda osachiritsika asatuluke pakamwa pathu pofotokoza za BPD, chifukwa si oona kwa ana ambiri, ndipo tawaona akufooketsa manja a makolo.

Komiti yathu ya zaukatswiri yapatsidwa ntchito yolemba malangizo achidule a nthawi yoyenera kujambula khanda ndi kawerengedwe ka chithunzicho, ndi kuwapereka ku Unduna kuti uwaunike. Idzasonkhanitsanso zolembedwa m'makaundula a mawodi amene ayamba kale, ndipo idzapereka lipoti lake loyamba kwa mamembala ndi kwa anthu onse pa tsiku lokumbukira ana obadwa masiku asanakwane pa dziko lonse. Aliyense amene ali ndi pulogalamu yofuna kuyesedwa, kapena umboni wotsutsa zomwe talembazi, aubweretse ku komitiyo isanafike nthawi imeneyo.

Komiti yaikulu, m'malo mwa mamembala onse a bungwe.